Masamba a nzimbe timaotchawa, anzathu akuthira m'galimoto

Nyengo yodula nzimbe ikafika, kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula itayandikira, thambo la ku Nchalo ndi ku Dwangwa limasintha mtundu. Munda womwe ukufuna kudulidwa umayamba wayatsidwa moto. Motowo umapitirira denga la nyumba, phokoso lake ngati matalala pa malata, ndipo pakangotha mphindi zochepa chotsala ndi mizere ya nzimbe zakuda bii, zopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Phulusa limauluka ulendo wautali kukatera pa zovala zoyanika ndi pa ufa wa pamphasa.

Sikuti amaotcha mwachibwana ayi. Aliyense amene anagwirapo chikwanje m'munda wa nzimbe akuuzani kuti masamba ake amacheka ngati lumo, amayabwa, ndipo pansi pa zinyalala zoumazo ndi pomwe njoka zimabisala. Moto umachotsa zonsezi, wodula n'kumayenda msanga. Fakitale nayo imafuna tsinde lokha, poti shuga ali m'menemo. Masamba ndi nsonga ndi katundu wongodzadza lole.

Koma dziko lomweli ndi lija timagona pa mzere wa mafuta. Anyamata a kabaza akudziwa mmene zinalili mu 2022 ndi mu 2024: tsiku lathunthu kutha uli pa filling station ndi njinga yako, apo ayi ukagule wa m'chigubu pa mtengo wothyola khosi. Petulo yense timachita kuitanitsa, ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Ndiye ukaona kavidiyo pa TikTok kapena pa Facebook koonetsa fakitale ya ku Brazil ikusandutsa masamba a nzimbe kukhala mafuta a galimoto, mtima umawawa. Eti zomwe ife tikuyatsa moto, anzathu akuthira m'thanki?

Kavidiyoko sikakunama, zikuchitikadi. Chomwe sikanena n'chakuti bizinesi imeneyi yagwetsa pansi makampani akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya, ena mwa iwo oti ndalama zawo za pachaka zinkaposa bajeti ya dziko lathu kangapo. Ndipo chinawagwetsa si sayansi yozunguza mutu yokha. Mwa zina unali mchenga weniweniwu. Tisanayambe kukuwa m'makomenti kuti boma limange fakitale, tiyeni tiimvetse nkhaniyi.

Mu tani imodzi ya nzimbe muli chiyani?

Malawi si mlendo pa nkhani ya ethanol. Kampani ya Ethanol Company Limited, yomwe ambiri amangoti Ethco, inayamba kutcheza ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo kuyambira pamenepo petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Ambirife nthawi imeneyo n'kuti makolo athu ali ku pulayimale. PressCane ya ku Chikwawa inadzayamba mu 2004. Makampani onse awiri amagwiritsa ntchito molasesi, madzi akuda onata aja otsala shuga akatha kuphikidwa. Molasesi ngwotsekemera kale. Ukamusungunula ndi madzi n'kuthira yisiti amawira, kenako n'kutcheza. Kunena mosapsatira, ndi kachasu yemweyo amatcheza azakhali kumudzi, kungoti uyu amadutsa m'mapaipi a chitsulo ndipo amamuchotsa madzi mpaka patatsala mowa wokhawokha.

Vuto la molasesi ndi kuchepa. Tani imodzi ya nzimbe imatulutsa makilogalamu 40 kapena chapompo, ndipo m'menemo mumachoka ethanol wokwana malita 10, mwinanso osakwana. Mafakitale a shuga a Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa amagaya nzimbe pafupifupi matani 2 miliyoni pachaka. Werengerani nokha: malita ngati 20 miliyoni, ndipo wina mwa ameneyo amapita ku zakumwa ndi ku mankhwala. Dziko lino limamwa petulo pafupifupi malita 1 miliyoni patsiku. Ndiye kaya akuluakulu alengeze kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol wochuluka bwanji, molasesi akatha watha basi.

Tsono tani yomweyo ili ndi zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi zotsala tsinde likafinyidwa, zija mumalavula m'mbali mwa msewu mukatha kutafuna nzimbe. Kufakitale amati bagasi. Pa tani iliyonse pamatsala bagasi wonyowa woposa pang'ono makilogalamu 250, ndipo theka la kulemera kwakeko ndi madzi. Chachiwiri ndi masamba ndi nsonga, makilogalamu enanso 140 akauma. Akatswiri a za nzimbe amati mphamvu ya mbewuyi inagawika patatu mofanana: gawo lina lili m'madzi otsekemera, lina mu bagasi, lina m'masamba. Ndiye kuti moto wa m'munda uja umanyeketsa mbali yaikulu ya gawo lachitatuli, mphamvu yomwe dzuwa, madzi othirira ndi feteleza wodulayu zinaika m'mundamo.

Shuga wotsekeredwa m'chipupa

Nanga tsamba louma, losatsekemera n'komwe, lingatulutse bwanji mowa?

Chinsinsi chake n'chakuti tsambalo nalonso ndi shuga, koma womangidwa. Zomera zimalumikiza timagawo ta shuga zikwizikwi kukhala ulusi wolimba wotchedwa cellulose. Thonje la ku Balaka ndi cellulose pafupifupi yekhayekha. T-shirt mwavalayo ndi shuga amene lilime lanu silingamumve. Mu bagasi wouma, cellulose amakwana magawo 40 kapena kuposa pa 100 alionse. Pambali pake pali m'bale wake, hemicellulose, ndipo onse awiri anamatidwa ndi lignin, chinthu chouma gwa chomwe chimalimbitsa mitengo. Ganizirani chipupa: cellulose ndi njerwa, lignin ndi simenti. Yisiti akafika pa chipupa chotere amangobwerera.

Ng'ombe imadya udzu n'kunenepa chifukwa m'mimba mwake muli tizilombo tomasula shugayu. Chiswe chimatha denga lonse mwa njira yofananayo. Anthu akhala akufuna kuba luso limeneli kwa zaka 200. M'chaka cha 1819 katswiri wina wa ku France, Henri Braconnot, anathira asidi pa nsanza ndi pa utuchi n'kupeza shuga. M'botolo zinatheka. Kuti zipindule pamsika ndiye nkhani ina.

Fakitale ya masiku ano imayamba n'kuphika masambawo mu nthunzi yotentha pafupifupi madigiri 200, nthawi zina ndi asidi pang'ono, kenako n'kutsegula mwadzidzidzi kuti ulusi uphulike, simenti ija isweke. Phala lotulukapo amalithira ma enzyme. Dzinali lisakuopseni. Amayi akamaphika thobwa amathira chimera m'phala, phala lolimba lija n'kusungunuka, n'kuyamba kutsekemera. Chimene chagwira ntchito m'chimeramo ndi ma enzyme, timipeni tosaoneka ndi maso todula ufa kukhala shuga.

Cellulose amafuna timipeni ta mtundu wina, ndipo komwe tinachokera n'koseketsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku America ali ku zilumba za Solomon anadabwa kuona matenti ndi zovala zawo za thonje zikuwola msanga. Atafufuza anapeza kabowa kosaoneka bwino, m'bale wake wa chuku timaona pa buledi, kakudya nsaluzo. Kabowako anadzakatcha Trichoderma reesei, potengera dzina la Elwyn Reese, yemwe anakafufuza kwa zaka zambiri pamodzi ndi Mary Mandels. Mpaka lero ma enzyme ambiri ogaya cellulose amachokera kwa zidzukulu za kabowa kodya matentika.

Shuga akamasuka, yisiti amalowa. Apanso pali chopinga. Shuga wochoka mu hemicellulose, wotchedwa xylose, yisiti wamba wa mandasi ndi mowa uja samudya, amangomuyang'ana. Zinatengera asayansi ngati mayi Nancy Ho wa pa yunivesite ya Purdue ku America, amene m'zaka za m'ma 1990 anasintha chibadwa cha yisiti kuti azidya zonse. Pomaliza ndi kutcheza kuja. Lignin wotsala amamufinya madzi n'kumuponya m'boyila, akhale nkhuni za fakitale yomweyo.

Ethanol wotuluka pamenepa sasiyana ndi wa molasesi ngakhale pang'ono. Galimoto singadziwe. Amangomutcha wa m'badwo wachiwiri posonyeza kuti sanachoke ku chakudya koma ku zotsalira, ndipo kukoma kwake ndi kumeneko: sulanda munthu munda wa chimanga, sugwetsa nkhalango, umangokama kawiri ng'ombe yomweyo.

Manda a mafakitale

Pakati pa 2013 ndi 2015 anthu ankaona ngati nthawi yakwana. America inali itakhazikitsa lamulo mu 2007 loti pofika 2022 izigwiritsa ntchito magaloni 16 biliyoni a mafuta ochoka ku cellulose pachaka. Mafakitale anatsegulidwa motsatizana, maliboni kudulidwa, akuluakulu kulankhula. Beta Renewables inatsegula ku Crescentino m'dziko la Italy mu 2013. Mu 2014 zinabwera POET-DSM ku Emmetsburg m'chigawo cha Iowa ndi Abengoa ku Hugoton m'chigawo cha Kansas. Mu 2015 DuPont inatsegula yake m'tauni ya Nevada, ku Iowa komweko, yomwe panthawiyo ankati ndi yaikulu kuposa zonse. Awa sankagaya nzimbe. A ku America ankadalira kwambiri mapesi a chimanga, wa ku Italy mapesi a tirigu ndi mpunga. Koma njira yake ndi yomweyo.

Onani zomwe zinatsatira. Abengoa inamira m'ngongole patangotha chaka chimodzi. Fakitale ya ku Crescentino inaima mu 2017 eni ake atagwa, n'kugulidwa ndi ena. DuPont inatseka chaka chomwecho, kenako n'kugulitsa malowo kwa kampani ya ku Germany ya Verbio, yomwe inayamba kupangirapo gasi. POET-DSM inasiya kupanga mu 2019. Mwina mukuti izo n'zakale, luso linali lisanakhwime. Chabwino. Kampani ya ku Switzerland ya Clariant inayamba kupanga ku Podari m'dziko la Romania mu 2022, ndipo mu Disembala 2023 inalengeza kuti ikutseka. Chaka ndi theka, aise. Magaloni 16 biliyoni aja palibe anawayandikira n'komwe.

Chinavuta n'chiyani? Mu labotale, wasayansi amatenga masamba otsuka bwino, odulidwa mofanana, okwana m'kapu. Fakitale imalandira matani mazanamazana patsiku, otoledwa pansi ndi makina, osakanikirana ndi dothi, mchenga, timiyala ndi zingwe zomangira mitolo. Mchenga ukalowa m'makina othamanga, otentha, momwe mulinso asidi, umapala chitsulo ngati sandipepa. Phala la masamba siliyenda m'paipi ngati madzi, limatseka ngati nsima yogona. Makina akamangoimaima, ngongole ya kubanki siima nawo.

Kenako pali kututa. Masamba ouma ngopepuka koma amadya malo: lole imadzadza isanalemedwe. Ukawatenga kutali, dizilo wowatutira amadya phindu lonse. Amapezeka miyezi ingapo chabe pamene fakitale iyenera kugaya chaka chonse, ndiye uyenera kuunjika mapiri a mitolo youma, ndipo mapiri otere sachedwa kupsa. Milu ya mapesi ya DuPont ku Iowa inapsapo kangapo. Pamwamba pa zonsezi mtengo wa mafuta padziko lonse unagwa kumapeto kwa 2014, kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo kufika pansi pa 50 m'miyezi yowerengeka. Mwanayu anabadwa chaka cha njala.

Nanga Brazil yatha bwanji?

Brazil ili ndi zomwe enawo analibe. Inayamba ndondomeko yake ya ethanol, Proálcool, mu 1975, mafuta atakwera mtengo padziko lonse. Mu 2003 kunabwera galimoto zomwa petulo, ethanol kapena zosakaniza, woyendetsa amangoona chotchipa tsikulo, ndipo lero galimoto zing'onozing'ono zambiri kumeneko n'zotero. Mu Ogasiti 2025 petulo wamba wa pa pampu anayamba kukhala ndi ethanol magawo 30 pa 100. Amakolola nzimbe zoposa matani 600 miliyoni pachaka. Zathu za chaka chonse iwo amadula tsiku limodzi kapena awiri.

Chachikulu n'chakuti anasiya kuotcha. Chigawo cha São Paulo, komwe kumalimidwa pafupifupi theka la nzimbe za dzikolo, chinakhazikitsa lamulo mu 2002 lothetsa kuotcha pang'onopang'ono. Mu 2007 boma la chigawocho ndi eni mafakitale anagwirizana kufupikitsa nthawiyo: minda yoti makina angalowemo isiye pofika 2014, yotsalayo pofika 2017. Chinawakankha sichinali ethanol, unali utsi ndi zifuwa za anthu a m'matauni oyandikana ndi minda. Koma moto utazima, masamba anali mbwee m'minda, kudikira woti awachite kanthu.

Kampani ya GranBio inatsegula fakitale ku São Miguel dos Campos m'chigawo cha Alagoas mu 2014, yoti izipanga malita 82 miliyoni pachaka. Mavuto a makina aja anaipeza. Mu 2016 inaima kuti isinthe zitsulo, ndipo mlingo umene inalonjeza unakhala patali. Raízen, kampani ya Shell ndi Cosan, inamanga yake moyandikana ndi fakitale ya shuga ya Costa Pinto ku Piracicaba, pogwiritsa ntchito luso la kampani ya ku Canada ya Iogen ndi ma enzyme a Novozymes ya ku Denmark. Nayonso zaka zoyamba inkatulutsa kagawo kochepa ka malita 40 miliyoni omwe inayenera kupanga. Kusiyana kwake n'kwakuti Raízen inali ndi thumba lakuya ndi mafakitale ena ambiri a shuga oidyetsa, ndiye inapirira, kusintha chitsulo apa, kusefa mchenga apo, kwa zaka pafupifupi 10. Kumanga pakhomo pa fakitale ya shuga kunathandizanso: bagasi ali pompo, nthunzi ili pompo, zotchezera zili pompo.

Mu Meyi 2024 pulezidenti Lula da Silva anatsegula fakitale yatsopano ya Raízen pa Bonfim, m'tauni ya Guariba, ya malita 82 miliyoni pachaka. Inadya ndalama za ku Brazil zokwana 1.2 biliyoni, zomwe panthawiyo zinali madola a ku America oposa 200 miliyoni. Kampaniyo imati njirayi ingaonjezere ethanol ndi theka popanda kulima hekitala ina.

Koma tcherani khutu apa, chifukwa ndi pomwe timavidiyo timadumpha. Ethanol ameneyu kwenikweni si wa madalaivala a ku Brazil. Kumupanga kumadula kuposa wamba. Amagulidwa ndi a ku Ulaya ndi kwina komwe malamulo oteteza nyengo amapereka mtengo wapamwamba pa mafuta ochoka ku zotsalira za m'munda. Mu 2022 Shell inasaina mgwirizano wogula malita oposa 3 biliyoni kwa Raízen mpaka 2037, pa mtengo wa pafupifupi yuro imodzi pa lita. Popanda wogula wotero, n'kovuta kuti banki ikukongoze zomangira. Ngakhale zili choncho, mu 2025 Raízen inasiya kupanga ethanol wogulitsa pa fakitale yoyamba ija ya Costa Pinto, ndipo chaka chomwecho inali kalikiliki kugulitsa katundu wake wina kuti ichepetse ngongole. Amene akutsogola pa mpikisanowu nayenso ali wefuwefu.

Tiwerengere zakwathu

Matani 2 miliyoni a nzimbe, makilogalamu 140 pa tani: masamba ouma matani 280,000. Sungatole onse. Nthaka imafuna ena kuti isunge chinyezi ndi chonde, monga momwe alangizi a ulimi wa mleranthaka amanenera za mapesi, ndipo ofufuza a ku Brazil aona kuti kusesa munda wonse kumabweza zokolola m'mbuyo m'minda yambiri. Tingoti tasiya theka. Atsala matani 140,000. Fakitale yoyenda bwino ingafinye malita 200 kapena kuposerapo pang'ono pa tani youma. Ndiye malita 28 miliyoni, mwina 30.

Si zochepa zimenezo, zikuposa zomwe molasesi amatipatsa. Komabe sizikwana petulo wa mwezi umodzi, poti lita ya ethanol ili ndi mphamvu ngati magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Ndiponso masambawo sali pamalo amodzi. Ena ali ku Nkhotakota, ena ku Chikwawa, pakati pake makilomita mazanamazana ndi zitunda zija zimaliza malole potuluka m'chigwa cha Shire. Mafakitale awiri ang'onoang'ono amadula kwambiri pa lita kusiyana ndi imodzi yaikulu. Ma enzyme, yisiti wapadera uja ndi zitsulo zosinthira zonse n'zoitanitsa kunja, ndi madola omwewo tikuwasowawa. Tikhoza kuthawa mzere wa petulo n'kukaima pa mzere wa ma enzyme.

Wina ati, nanga bagasi bwanji? Bagasi ali kale pa ntchito. Mafakitale a shuga amamuotcha m'maboyila kupanga nthunzi yophikira shuga ndi magetsi oyendetsera makina awo. Ukamuchotsa kumeneko uyenera kupeza nkhuni zina. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ine ndikuona kuti fakitale ya ethanol wa m'masamba si poyambira pathu. Awo a matumba akuya amalize kaye kulimbana ndi mchenga, mtengo utsike. Ngati tikufuna ethanol wochuluka msanga, njira yodziwika ilipo: kulima nzimbe zina zoti madzi ake azipita kotcheza osadutsa ku shuga, zomwe zimapereka malita pafupifupi 80 pa tani m'malo mwa 10. Njirayi ili ndi mikangano yake ya malo ndi madzi, ndipo ndi ngalande yaikulu yothirira yomwe ikukumbidwa m'chigwa cha Shire mikanganoyo ikubwera ndithu. Koma makina ake ngodziwika, akhala akugwira ntchito kwa zaka makumimakumi.

Magetsi kaye

Pomwe masamba angatipindulire posachedwa ndi m'boyila. Apa palibe enzyme, palibe yisiti wapadera. Ndi kuotcha komweko, koma kuotchera pamalo poti kutenthako kupange nthunzi, nthunzi izunguze makina, makina atulutse magetsi.

Chitsanzo chili m'SADC momwemuno. Mauritius ndi chilumba chomwe kukula kwake ndi ngati boma la Blantyre. Mu 1991 inayamba ndondomeko yapadera yoti bagasi azipanga magetsi a dziko lonse, osati a fakitale yokha. Nkhani yonse inagona pa maboyila. Boyila yakale ya fakitale ya shuga inapangidwa kuti izimeza bagasi wambiri, poti masiku amenewo bagasi anali chinyalala chofunika kungochotsa. Yamakono, yomwe imapanikiza nthunzi kwambiri, imatulutsa magetsi ochuluka kangapo pa bagasi yemweyo. Malo opangira magetsi a Belle Vue, omwe anayamba mu 2000, ndi a mamegawati 70. Kwa zaka zambiri bagasi wakhala akupereka magetsi oposa gawo limodzi mwa magawo 10 a chilumbacho. Chilema chake n'chakuti nzimbe zikatha amaotcha malasha, n'chifukwa chake nawonso anayamba kumanga mitolo ya masamba m'minda kuti malashawo achepe.

Kwathu kuno nyengo yake ikugwirizana bwino. Nzimbe zimagayidwa m'chilimwe, miyezi yomwe madzi a mu Shire amatsika ndipo makina a Egenco ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amafooka. Ndipo tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi. Amene anali ndi barbershop, saluni kapena kabizinesi kotchaja mafoni akudziwa zomwe chaka chimenecho chinawachita. Magetsi athu ambiri amachoka mu mtsinje umodzi. Boyila ya ku Dwangwa sifunsa kuti Shire wadzuka bwanji.

Sikuti n'zaulere. Boyila yamakono ndi ndalama zambiri, ndipo palibe angaigule pokhapokha atadziwa kuti Escom izigula magetsiwo pa mtengo wodziwika, kwa zaka zambiri, n'kumalipira pa nthawi yake. Masamba nawo amasiya phulusa lomata m'kati mwa boyila, ndiye amawasakaniza ndi bagasi mwa muyezo. Koma awa ndi mavuto oti mainjiniya athu a ku MUBAS ndi ku MUST angawagwire ndi manja. Palinso madzi onunkha otsala potcheza, omwe amaposa malita 10 pa lita iliyonse ya ethanol. Pa Bonfim paja, kuyambira 2020 Raízen imawawoletsa n'kupanga gasi woyendetsa makina a mamegawati 21.

Ndipo dziko lomwe laphunzira kutola masamba opanda mchenga, kuwamanga mitolo ndi kuwasunga osapsa, lagwira kale mbali yaikulu ya ntchito yomwe inavuta a DuPont. Ethanol wa m'badwo wachiwiri akadzatchipa adzatipeza mitolo ili m'manja.

Nanga wa chikwanje?

Pali mbali ina yomwe sitingaizembe. Kusiya kuotcha ku São Paulo kunatheka chifukwa makina odula analowa m'minda, ndipo makina amodzi amagwira ntchito ya anthu makumi angapo. Odula nzimbe zikwizikwi, ambiri ochokera kumadera osauka a kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, ntchito inawathera. Ena anaphunzitsidwa kuyendetsa ndi kukonza makinawo, koma makina safuna anthu ochuluka ngati chikwanje. Ntchito yodula nzimbe ndi yowawa, palibe amaifunira mwana wake, koma ku Nchalo ndi ku Dwangwa ndi yomwe imalipira fizi ndi kugula malata. Kudula ndi manja nzimbe zosaotcha n'kotheka, kungoti munthu amadula zochepa patsiku. Ngati malipiro ake akutengera zomwe wadula, ndiye kuti tamudula malipiro m'dzina loteteza chilengedwe. Amene akulalika zosiya moto osatchula malipiro a wodula akunena theka la nkhani.

Winanso ndi mlimi wamng'ono. Nzimbe zina zomwe mafakitale amagaya zimachokera kwa alimi a Kasinthula, a Phata ndi a ku Dwangwa. Mlimi wa nzimbe amalipidwa potengera shuga amene ali mu nzimbe zake. Pamene masamba akali chinyalala, palibe amafunsa kuti ndi a yani. Tsiku lomwe adzayambe kuyatsa mababu a ku Ndirande ndi ku Kawale, funsolo lidzabuka. Ku Mauritius linabuka kalekale, alimi ndi eni mafakitale anakokanakokana kwa zaka, ndipo lero mlimi amalandira ndalama ya bagasi pamwamba pa ya shuga.

Mgwirizano wa alimi ndi fakitale ukasainidwa umakhalitsa. Ndiye inu amene muli m'makomiti a makopaletivi, kapena amene makolo anu ali ndi gawo m'mindamo, pepala likadzabwera fufuzani mzere wonena za bagasi ndi masamba. Ngati mulibe, funsani kuti ulembedwe: mtolo umodzi ndalama zingati, amange ndani, atute ndani, ndipo masamba ochuluka bwanji azitsala m'munda mwanu.